Dzina la Ntchentche ndi Dzina la Munthu

Kuseri kwa nyumba ina ku Sydenham, dera la mumzinda wa Durban, kunali kadimba ka maluwa ndi ndiwo zamasamba. Eni ake anali bambo ena achikulire, mphunzitsi wopuma pantchito, amene anandisunga kwawo kwa masabata angapo. M'mawa wina tikumwa tiyi pakhonde, kachilombo ka mizere yachikasu ndi yakuda kanabwera n'kuima m'malere pafupi ndi nkhope yanga. Ndinapinda nyuzipepala kuti ndikamenye. Bambowo anandigwira mkono n'kunena kuti, "Aphunzitsi, musanaphe tayambani mwawerenga mapiko." Katatera pa duwa ndinawerenga, ndipo ndinapeza kuti mapiko ake ndi awiri. Njuchi ndi mavu zili ndi mapiko anayi. Chimene ndinkafuna kupha chinali ntchentche yovala malaya a mavu, yopanda mbola.

M'Chingerezi ntchentche yotereyi amaitcha hoverfly, kutanthauza ntchentche yoima m'malere, ndipo akatswiri amaiika m'banja la Syrphidae. Ife kwathu tikaiona timangoti njuchi, kapena mavu, n'kuipewa kapena kuiphwanya. M'nkhani ino ndikufuna kusinkhasinkha funso limene linayamba kundisautsa m'mawa umenewo. Kodi munthu akatchula chinthu dzina lolondola, ndiye kuti wachichitira chilungamo? Ife ophunzitsa za zilankhulo timakhulupirira kwambiri mphamvu ya dzina, ndipo timatengera kuti zoipa zambiri zimadza chifukwa cha maina olakwika. Sydenham ndi malo oyenera kuyeserapo chikhulupiriro chimenechi, pakuti kumeneko dzina linasankhira anthu kokhala, ndiponso dzina linathamangitsa Amalawi m'nyumba zawo.

Mmene amazindikirira ntchentche zimenezi

Padziko lonse pali mitundu pafupifupi 6,000 ya ntchentche za m'banjali. Zikakula zimadya timadzi ta m'maluwa ndi mungu, motero zimathandiza zomera kubereka monga zimachitira njuchi. Mphutsi za mitundu ina zimadya nsabwe za m'masamba, mdani wa mlimi wa kabichi ndi mpiru. Mphutsi za mitundu ina zimakhala m'madzi onyansa, ndipo zimapuma kudzera m'kamchira katali kotulukira pamwamba pa madzi.

Wofuna kuzizindikira amayamba ndi mapiko. Kuseri kwa mapiko awiriwo amapeza tinthu tiwiri tonga timitu ta machesi, timene timathandiza ntchentche kuti isapendekeke pouluka. Kenako amaona maso, amene amakuta pafupifupi mutu wonse. Mwa mitundu yambiri maso a yaimuna amakumana pamwamba pa mutu, pamene a yaikazi amasiya mpata pakati. Tinyanga ta ntchentche zambiri za m'banjali ndi tatifupi, pamene ta njuchi ndi tatitali, topindika. Chizindikiro chodalirika koposa chili m'phiko momwemo. Muli kamzere kooneka ngati mtsempha koma kosalumikizana ndi mitsempha ina kumathero ake, ndipo m'Chilatini amakatcha vena spuria, ndiko kunena kuti mtsempha wabodza.

Ambiri mwa anthu ochita zimenezi si akatswiri. Ndi aphunzitsi, anamwino, opuma pantchito ndi ana asukulu okhala ndi foni yojambula. Amajambula kachilombo n'kuika chithunzi pa iNaturalist, njira ya pa intaneti imene inayamba mu 2008, ndipo ena amapereka maganizo awo pa dzina lake. Dzina limavomerezeka pamene oposa magawo awiri mwa atatu a opereka maganizo agwirizana, koma aliyense angathe kubweza mawu ake akaona umboni watsopano. Kumbuyo kwa anthu wambawa kuli ntchito ya akatswiri. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya KwaZulu-Natal Museum ku Pietermaritzburg imasunga ntchentche zambirimbiri za mu Africa, makamaka chifukwa cha khama la Brian Stuckenberg, amene anamwalira mu 2009. Kuyambira mu 2017 kunayamba kutuluka mabuku a Manual of Afrotropical Diptera, okonzedwa ndi Ashley Kirk-Spriggs ndi Bradley Sinclair.

Chimene chinandigwira mtima m'kope la bambo aja ndi malo amene ankalekezera. Mitundu ina ndi yosavuta. Eristalinus taeniops ili ndi mizere m'maso mwake, ndipo ukaiona kamodzi suiiwala. Koma pali timitundu tina, monga ta m'gulu la Paragus, timene nthawi zambiri sitisiyanitsika popanda kuyeza ziwalo zoberekera za yaimuna pa maikulosikopu. Apa bambowo ankalemba dzina la gulu lokha, n'kuwonjezera zilembo ziwiri, sp., zimene zimatanthauza kuti mtundu weniweni sunadziwike. Nditawafunsa ngati sizinkawapweteka kusiya dzina lili theka, anayankha kuti, "Apa ndi pamene maso anga afika. Ndikapitirira, ndayamba kupeka." Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinaphunzira kuti pali kudekha kwinanso, kovomera kuti maso a nkhonoyo sunawaone.

Mbalame ndi akale ananyengeka

Henry Walter Bates, amene anakhala zaka 11 ku Amazon akusonkhanitsa tizilombo, anafotokoza mu 1862 chifukwa chake cholengedwa chosaopsa chimafanana ndi choopsa. Mbalame imene inalumidwapo ndi mavu imapewa chilichonse cha mizere yachikasu ndi yakuda. Ntchentche zofananako ndi mavu zimapulumuka n'kubereka, zosafanana zimadyedwa, ndipo m'mibadwo yambiri kufananako kumakula. Ntchentcheyo sisankha chovala chake. Amene amachisoka ndi diso la mbalame yoisaka.

Anthu nawonso ananyengeka. Agiriki ndi Aroma akale ankakhulupirira kuti njuchi zimabadwa m'mtembo wa ng'ombe, ndipo Virgil analemba za chikhulupiriro chimenechi m'buku lachinayi la Georgics. Mu 1894 katswiri wa ntchentche Osten Sacken anapereka ganizo lakuti zimene akalewo ankaziona zikutuluka m'zovunda zinali Eristalis tenax, ntchentche yofanana kwambiri ndi njuchi, imene imapezekanso ku South Africa. Ngati ganizoli n'loona, anthu anzeru anakhala zaka mazanamazana akubwereza cholakwa chimene mwana akanachikonza powerenga mapiko. Mpaka apa nkhaniyi ikuoneka ngati ikuchitira umboni chikhulupiriro chathu chija, chakuti vuto ndi dzina lolakwika ndipo mankhwala ake ndi dzina lolondola.

Buku limodzi, ntchentche ndi anthu

Ntchentche ya Eristalis tenax inalandira dzina lake loyamba lasayansi, Musca tenax, kwa Carl Linnaeus mu 1758, m'buku la Systema Naturae. M'buku lomwelo Linnaeus anagawa anthu m'magulu anayi akuluakulu motsata makontinenti, n'kupatsa gulu lililonse khungu lake ndi khalidwe lake. Mzungu anamupatsa makhalidwe osiririka, Mwafirika anamupatsa ulesi ndi kusasamala. Dzanja limene linatiphunzitsa kutchula ntchentche mwadongosolo ndi lomwelo limene linaika anthu m'mabokosi.

Mu 1950 boma la tsankho la South Africa linakhazikitsa malamulo awiri. Population Registration Act inalamula kuti munthu aliyense alembedwe mtundu wake, ndipo Group Areas Act inagawa malo okhala motsata mitunduyo. Poweruza mtundu wa munthu, lamulo linkayang'ana maonekedwe ake ndiponso mmene anthu omuzungulira ankamutengera. Panali bungwe lomva madandaulo a olembedwa molakwika, ndipo nthawi zina ankalowetsa pensulo m'tsitsi la munthu kuti aone ngati igwa. Mbali yaikulu ya Sydenham inaperekedwa kwa anthu olembedwa kuti Coloured. Mu 1959 gulu limeneli linagawidwanso m'timagulu 7, ndipo tiwiri mwa timeneti tinkayamba ndi liwu lakuti Other, kutanthauza ena.

Chitsanzo chotikhudza ife ndi cha anthu otchedwa Azanzibari a ku Durban. Makolo awo anali akapolo owomboledwa panyanja, amene anayamba kufika ku Natal mu 1873. Ambiri anali Amakua a kumpoto kwa Mozambique, abale a Alomwe athu a ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Anakhazikika ku Kings Rest, kudera la Bluff. Pokhala Aafirika achisilamu, sankakwana bwino m'bokosi lililonse la boma. Potsiriza analembedwa kuti Other Asiatic, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anasamutsidwira ku Chatsworth, dera la Amwenye. Anthu a chilankhulo cha m'banja limodzi ndi Chichewa anasanduka a ku Asia chifukwa cha cholembera.

Monga wa zilankhulo, ndikuona kuti sp. wa m'kope la bambo aja ndi Other wa boma akuoneka ofanana, pakuti onse awiri amalembedwa pamene wogawa walephera kupeza bokosi loyenera. Koma tanthauzo lawo n'losiyana kutali. Wolemba sp. akunena kuti chopereweracho chili mwa iye, ndipo ntchentcheyo imauluka n'kupita kwake. Wolemba Other akunena kuti chopereweracho chili mwa munthu amene waima pamaso pake, ndipo akatero amamuuzabe kokhala, sukulu yophunzirako ana ake ndi amene angakwatirane naye. Boma limenelo silinkatha kunena kuti maso ake alekezera apa. Malamulo awiriwa anathetsedwa mu 1991, koma chizolowezi chofuna kudziwa bokosi la munthu musanamupatse moni chinatsala.

Chigongono

Mu Meyi 2008 kunabuka chiwawa cholimbana ndi alendo m'madera ambiri a South Africa, ndipo anthu 62 anaphedwa. Magulu achiwawa anali ndi njira yawo yozindikirira mlendo. Ankaloza chigongono n'kufunsa kuti m'Chizulu amati chiyani. Yankho lake ndi indololwane, liwu limene munthu wophunzira Chizulu cha pamsika ndi pantchito sakumana nalo kawirikawiri. Njirayi ndi yakale. M'buku la Oweruza, mutu 12, Agileadi ankazindikira Aefraimu padooko la Yordano powatchulitsa liwu limodzi, ndipo wolephera kutchula bwino chilembo choyamba ankaphedwa. Zimene ife timaphunzitsa m'kalasi monga kusiyana kwa katchulidwe zimasanduka mpeni m'manja mwa ena.

Kumapeto kwa Marichi 2019 chiwawa chotere chinafika ku Sydenham komweko. Amalawi okhala m'zisakasa za ku Burnwood anathamangitsidwa m'nyumba zawo, n'kuthawira ku polisi ya Sydenham. Ena anabwereranso kumene ankakhala, ena anasankha kubwerera ku Malawi. Tikumbukire kuti pakati pa Amalawi opita ku Durban pali a Jere, a Maseko ndi Angoni ena, amene makolo awo anachokera kudera lomwelo m'nthawi ya Shaka. Gulu la Zwangendaba linawoloka Zambezi mu 1835. Mdzukulu wa anthu amenewa akabwerera kumene makolo ake anachokera, n'kulephera kutchula chigongono m'chilankhulo cha makolowo, kodi dzina lake lolondola ndi liti?

Pamene dzina lolondola silipulumutsa

Mwa anthu 62 ophedwa mu 2008, 21 anali nzika za South Africa. Ambiri pomva zimenezi amagwira pakamwa n'kunena kuti achiwawawo anali mbuli, mpaka kupha abale awo omwe. Mawuwa ndi oona, koma m'kati mwake mwabisala chinthu choopsa. Akuoneka ngati akunena kuti cholakwa chinali kuzindikira molakwika, ndiye kuti achiwawawo akanakhala ndi mayeso abwino kuposa a chigongono, akanapha oyenera kuphedwa. Amalawi a ku Burnwood anazindikiridwa molondola. Analidi Amalawi, ndipo kulondola kwa dzinalo sikunawathandize kanthu.

Apa ndi pamene chikhulupiriro changa cha mphamvu ya dzina lolondola chinagwera. Pakhonde paja ndinasangalala kuti sindinaphe ntchentche yosalakwa. Koma ikanakhala njuchi, inali itandilakwira chiyani? Dzanja langa linakwera ndisanadziwe chimene ndikuona. Chiweruzo chinali chitaperekedwa kale, dzina linkangofunika kuti lichivomereze. Ndi mmenenso amachitira wofunsa za chigongono. Iye amabwera atanyamula kale chikwanje, ndipo funso lake ndi longosankha khosi.

Wina anganene kuti ndikunyoza ntchito yozindikira zinthu, pamene moyo wathu umadalira ntchito imeneyi. Wa zaumoyo ayenera kusiyanitsa udzudzu wa Anopheles, wofalitsa malungo, ndi udzudzu wina. Mlimi wosadziwa mphutsi ya hoverfly amaipopera mankhwala, n'kupha mlonda wa dimba lake. Dziko lililonse liyenera kudziwa nzika zake ndi alendo ake. Zonsezi ndikuzivomera, pakuti safunsa anadya phula. Ndivomerenso kuti ntchito ya akatswiri si yopanda magazi. Maina amene bambo aja ankalemba m'kope mwawo alipo chifukwa akatswiri anapha ntchentche zambiri, kuzibaya ndi timapini n'kuzisunga m'madirowa. Popanda zimenezo sitikanadziwa ngakhale mitundu imene ikutha.

Choncho sindikunena kuti tileke kutchula maina. Ndikunena kuti kulondola kwa dzina ndi gawo limodzi lokha la chilungamo, ndipo pali mafunso atatu amene wotchula dzina ayenera kuyankha. Loyamba, kodi walekezera pamene umboni walekezera? Lachiwiri, kodi dzina limene wapereka lingabwezedwe litapezeka lolakwika, ndipo ndani amene amalipira cholakwacho? Lachitatu, ndipo ili ndiye lalikulu, kodi dzanja lake linkafuna kuchita chiyani dzinalo likadziwika? Wojambula ntchentche m'dimba amapambana mafunso onse atatu. Boma la tsankho linalephera onse atatu. Gulu lachiwawa lingathe kupambana loyamba, koma limagwa pa lachiwiri ndi lachitatu, chifukwa wakufa sabwezeredwa moyo dzina likakonzedwa.

Tisaganize kuti matendawa ndi a ku South Africa kokha. Mu 2017 anthu angapo anaphedwa kummwera kwa Malawi, makamaka ku Mulanje ndi Phalombe, atatchedwa anamapopa. Agogo athu amagendedwa atatchedwa afiti. M'misika yathu liwu lakuti Maburundi limakuta aliyense wochokera kudera la Rwanda, Burundi ndi Congo, posafunsa kwawo kwenikweni kapena mbiri yake. Ndife omwe timati mlendo ndi mame, ndiponso ndife omwe tinasunga othawa nkhondo a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mitima yonse iwiriyi ili mwa ife.

Kodi wobisala ndi wabodza?

Patsala funso la wotchulidwayo. Mmalawi wa ku Durban amene amakhala chete m'minibasi kuti lilime lisamugulitse, amene amavomera dzina lachizulu kuntchito, amene amaletsa ana ake kulankhula Chichewa pamsewu, kodi ndi wabodza? Immanuel Kant analemba mu 1797 kuti kunama n'kolakwa ngakhale kwa wakupha amene akufunsa kumene bwenzi lako labisala. Ine sindigwirizana naye. Choonadi ndi ngongole imene timabweza kwa munthu wofunsa kuti tikhale naye limodzi. Wofunsa kuti aphe wadzichotsa yekha m'chiyanjano chimene chimabala ngongoleyo. Phunziro la Bates likugwiranso ntchito pano. Chovala cha wosakidwa chimasokedwa ndi womusaka, ndipo ngati pali mlandu wa bodza, uyenera kuyambira kwa iyeyo.

Komabe munthu si ntchentche. Ntchentche siluza kanthu povala mizere ya mavu, chifukwa inabadwa nayo ndipo ilibe chovala china chimene ikuchikumbukira. Munthu amaluza. Mwana amene waphunzira kuti chilankhulo cha amayi ake n'choopsa pamsewu sachiphunzitsa kwa ana ake. Angoni ambiri a ku Malawi anataya Chingoni pang'onopang'ono pokwatirana ndi Achewa ndi Atumbuka, ndipo zimenezo zinatenga mibadwo. Mantha angathe kuchita ntchito yomweyo m'mbadwo umodzi. Pamene tikuwerenga akufa ndi nyumba zotenthedwa, tiwerengenso malilime amene anatsekeredwa m'kamwa.

Mawu omaliza

Okonda tizilombo a ku Durban sanayambe ntchito yawo kuti aphunzitse anthu makhalidwe. Amangofuna kudziwa chimene chatera pa duwa. Koma m'kachitidwe kawo muli mwambo umene ife ophunzira, ogawa zilankhulo ndi mitundu ya anthu m'mabuku athu, tingatengereko. Amayang'ana nthawi yaitali, amalemba zokhazo zimene aona, amavomera kukonzedwa ndi mwana wasukulu, ndipo akatha amasiya cholengedwacho chipite. Dzina limene amapereka silisintha kanthu pa ufulu wa ntchentcheyo wokhala m'dimbamo. Ufuluwo inali nawo isanatchulidwe.

Tsiku lonyamuka ndinawafunsa bambo aja kuti, "Bambo, mapiko aja akanakhala anayi, mukanandilola kuti ndimenye?" Anaseka, n'kunditengera chikwama mpaka pageti. "Ayi, Aphunzitsi," anatero. "Ndikanakuuzani kuti muwerengenso miyendo."